Funsani Anamwino: pa nthawi ya mliri, katemera amagawidwa motani pakati pa mayiko?

Makalata ambiri a mwezi uno akhudza katemera, ndipo ndasankhapo asanu. Ena ndawafupikitsa kuti malo akwane. Kwa inu amene mwayamba kumene kuwerenga tsamba lino, ndine namwino wopuma pantchito, ndimakhala ku Matawale kuno ku Zomba, ndipo zaka zanga zambiri ndinathera pa sikelo ya ana. Mu 2021 ndinathandizako kubaya katemera wa Covid-19 pa chipatala china chaching'ono kunja kwa tauni.

FUNSO: Anamwino, ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi pa Mpondabwino. Ndili ndi shuga, ndiye katemera wa korona atangofika ndinathamangira kukabayitsa. Anandilembera pakhadi tsiku lodzabayitsa wachiwiri, koma nditapita mu Juni anandibweza kuti watha. Mpaka lero zimandivutabe mumtima. Amene amagawira mayiko katemera ndani, ndipo amatsata chiyani? Kapena wathu anasowera panjira monga zimasowera zinthu zina? — Mayi wa ku Chinamwali

YANKHO: Mayi, katemera wanu sanasowere panjira. Sanakwere n'komwe ndege yobwera kuno. Ndifotokoza mofatsa, chifukwa anthu ambiri amene anabwezedwa mwezi umenewo anangomva mawu amodzi akuti "watha", basi n'kubwerera kunyumba ndi khadi m'manja.

Padziko lapansi palibe ofesi imodzi imene imasonkhanitsa katemera yense n'kumagawira mayiko. Amapanga katemera ndi makampani, ndipo kampani imapereka kwa amene yasainirana naye pangano. Inu a malonda mukudziwa zimene mavenda amachita ndi mpunga kumadambo a ku Chilwa: amapereka ndalama kwa mlimi mpunga usanache, pokolola matumba ali ndi mwini wake kale. Wobwera ndi ndalama tsiku lokolola amangoonerera matumba akukwezedwa m'galimoto. Mu 2020, katemera akadali poyesedwa, America, Britain, Canada, Japan ndi mayiko a mu European Union anali atasainirana kale ndi Pfizer, Moderna, AstraZeneca ndi makampani ena. Poti sankadziwa kuti adzagwire ntchito ndi uti, anaoda kwa onse. Canada inaoda wokwanira kubaya nzika yake iliyonse kasanu. Mu Disembala 2020 mabungwe angapo, kuphatikizapo Oxfam, anawerengera kuti mayiko olemera, omwe anthu ake ndi 14 okha pa anthu 100 alionse a padziko, anali atagwira kale 53 pa 100 alionse a katemera amene ankaoneka kuti athandiza.

Britain inayamba kubaya anthu ake pa 8 Disembala 2020. Kuno tinali tisanaone ngakhale kabotolo kamodzi, ndipo mwezi wotsatira ndi umene maliro anachuluka. Pa 12 Januwale 2021 tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo nyumba ya boma ya kuno ku Zomba inasandutsidwa chipatala cha odwala korona. Pa 18 Januwale mkulu wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, a Tedros Adhanom Ghebreyesus, ananena kuti mayiko 49 opeza bwino abaya kale katemera woposa 39 miliyoni, pamene m'dziko lina losaukitsitsa mwabayidwa katemera 25 yekha.

Njira imene inakonzedwa poganizira mayiko ngati lathu inali COVAX. Anaiyambitsa mu 2020 ndi a WHO, a CEPI (bungwe lothandiza kafukufuku wa katemera watsopano) ndi a Gavi, omwe amatithandiza kale kugula katemera wa ana, ndipo ogula ndi kutumiza katunduyo anali a UNICEF. Ganizo lake linali lakuti mayiko onse, olemera ndi osauka omwe, aike ndalama m'thumba limodzi, agulire pamodzi, kenako agawane. Mayiko 92 ochepekedwa, Malawi ali momwemo, anayenera kulandira gawo lawo popanda kulipira. Lamulo la kagawidwe linali losavuta kumva. Dziko lililonse lilandire molingana ndi chiwerengero cha anthu ake: poyamba wokwanira anthu 3 pa 100 alionse kuti ogwira ntchito m'zipatala atetezeke, kenako kumakwera mpaka 20 pa 100 kuti afikire okalamba ndi odwala matenda ngati anuwo a shuga, a mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Mayiko onse akafika pa 20, m'pamene akanayamba kuyang'ana kumene mliri wavuta kwambiri. Kwa ife, 20 pa 100 anali anthu pafupifupi 3.8 miliyoni, ndipo poti AstraZeneca ndi wobaya kawiri, pankafunika katemera 7.6 miliyoni.

Lamulolo ine ndilibe nalo mlandu. Pali akatswiri ena amene ankati ndi bwino kuyamba ndi mayiko amene anthu akufa kwambiri, ndipo mfundo yawo ndimaimva. Koma kuwerenga mitu ya anthu kunali ndi ubwino umodzi waukulu kwa ife: dziko losayeza anthu ambiri ngati lathu silikanaoneka ngati lilibe vuto chifukwa chakuti mabuku ake alibe manambala. Chimene chinalakwika n'chakuti ogawawo analibe choti agawe. Mayiko olemera ambiri analowa mu COVAX, anaperekanso ndalama, koma kumbali anali atagula kale okha kumakampani omwewo. America inakana kulowa mu 2020, inadzalowa mu Januwale 2021 boma litasintha. Pamene ndalama za COVAX zinkakwana, mzere wa kufakitale unali utatalika kale.

Choncho COVAX inadalira kwambiri fakitale imodzi, ya Serum Institute of India mumzinda wa Pune, imene inkapanga katemera wa AstraZeneca pa dzina la Covishield. Dziko loyamba kulandira linali Ghana, pa 24 Febuluwale 2021, katemera 600,000. Wathu anatera ku Lilongwe pa 5 Malichi, wokwana 360,000, ndipo pa 11 Malichi a Lazarus Chakwera, monga mtsogoleri wa dziko, anabayitsa kuno ku Zomba poyambitsa ntchitoyo. Boma la India linatipatsa 50,000, a African Union 102,000. Onse pamodzi 512,000. Muyerekeze nokha ndi 7.6 miliyoni uja. Anayamba ndife a zachipatala, kenako apolisi, asilikali, oyang'anira ndende, aphunzitsi, okalamba ndi odwala ngati inu. Wochuluka anapita kwa obayitsa koyamba, pokhulupirira kuti pofika masabata 12 ndege ina idzakhala itatera.

Ndege imeneyo sinatere, chifukwa cha zimene zinagwa ku India. Kuyambira Malichi mpaka Meyi 2021 mtundu wa kachilombo wotchedwa Delta unapha anthu ochuluka kumeneko, mpweya wa oksijeni unasowa m'zipatala, ndipo boma lawo linaimitsa kutumiza katemera kunja kuti libaye kaye anthu ake. Serum Institute inadzayambiranso kutumiza ku COVAX mu Novembala. Ndikaganiza za namwino mnzanga wa ku India amene ankatseka maso a odwala tsiku ndi tsiku, sindingamuuze kuti katemera wopangidwa kwawo akanayenera kumudumpha. Mlandu ndimaupereka kwa amene anasiya mayiko ochuluka chotero kudalira fakitale imodzi, iwo atadzaza mosungira mwawo. Nthawi yomweyonso mkulu wa Serum Institute, a Adar Poonawalla, anapempha poyera mtsogoleri wa America kuti amasule zipangizo zopangira katemera zimene dzikolo linkasungira makampani ake.

Tsiku la pakhadi lanu linagwa m'kati mwa zimenezi. Katemera anatha m'dziko muno mu Juni, nyengo yozizira itayamba ndipo odwala akuchulukanso. Wotsatira anafika chakumapeto kwa Julayi, 192,000 woperekedwa ndi France kudzera mu COVAX, kenako mu Ogasiti wa Johnson & Johnson woposa 300,000 kuchokera ku America. Kumapeto kwa Julayi komweko dziko la Israel linayamba kubaya okalamba ake kachitatu, inu mukudikira wachiwiri. A WHO anapempha mayiko olemera kuti ayambe aima ndi katemera wachitatu, koma ambiri sanamvere. COVAX inalonjeza katemera 2 biliyoni chisanathe chaka cha 2021, ndipo inadzakwanitsa 1 biliyoni mu Januwale 2022.

Khadilo musataye, Mayi. Mukapita ku kiliniki ya shuga mukawaonetse, akuuzani ngati pali chofunika kuchita.

FUNSO: Mayi Namwino, anthu akamati katemera anali wosowa ine ndimadabwa. Si ife tomwe tinawotcha katemera ku Lilongwe, dziko lonse likuona? Kwathu kuno ena amati azungu ankatitumizira zotsalira zowonongeka. Ena amati Amalawi ndife tinakana tokha. Zoona ndi ziti? — Mphunzitsi wa ku Jali

YANKHO: Aphunzitsi, kuwotcha kunachitikadi. Pa 19 Meyi 2021, pa chipatala cha Kamuzu Central, nduna ya zaumoyo ya nthawi imeneyo a Khumbize Kandodo Chiponda anatsogolera kuwotcha katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610. Koma muyang'ane masiku ake. Katemerayo anali gawo la 102,000 uja wochokera ku African Union. Anafika pa 26 Malichi, ndipo tsiku lake lothera mphamvu linali 13 Epulo. Masiku 18 okha, ndipo m'masiku amenewo pafupifupi 80 pa 100 alionse analowa m'mikono ya anthu. Amene amadziwa ntchito imeneyi angakuuzeni kuti kumeneko kunali kuthamanga.

Katemera akatera pa bwalo la ndege ndiye kuti ulendo wangoyamba. Amakalowa mosungira mwa boma, kuchoka apo apite kumaboma, kenako mufiriji ya chipatala chaching'ono, kumene kutentha kwake kuyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8 usana ndi usiku, magetsi azime asazime. Pomaliza mlangizi wa zaumoyo amamuika m'bokosi lozizira, n'kumanga pa njinga. Inu a ku Jali mukudziwa mmene misewu yolowera kunyanja imakhalira kumapeto kwa dzinja. Kabotolo kamodzi ka AstraZeneca kanali ka anthu 10, ndipo ukakatsegula kayenera kutha pasanadutse maola 6. Pakhonde pakakhala anthu anayi, namwino amaima n'kuganiza: nditsegule, katemera wa anthu asanu ndi mmodzi atayike, kapena ndiwauze adikire, mwina n'kutopa n'kubwerera kumunda? Tinkatuma mwana kukaitana anthu pamsika kapena pachigayo kuti chiwerengero chikwane. Mafuta a galimoto, masirinji, makadi ndi ndalama ya nkhomaliro ya wopalasa njingayo sizibwera m'katoni limodzi ndi mabotolo.

Panali ena ochokera kunja amene analangiza kuti katemera wotha masikuyo asungidwe kaye, mwina opanga ake atalikitsa nthawi. Boma linasankha kuwotcha poyera, ndipo ine ndinagwirizana nazo. Mbiri yoti kuli katemera wotha mphamvu itangomveka, mabenchi athu anayamba kukhala opanda anthu. Munthu amene akukayikira kale sungamuuze kuti tsiku lolembedwa pabotolo lilibe kanthu.

Za kukana, sindingabise, kunalipo. Pa WhatsApp pankayenda mauthenga a 666, a kusabereka, ndi oti wobayitsa aliyense adzafa pakatha zaka ziwiri. Koma mantha ena anali ndi pochokera. Mu Febuluwale 2021 South Africa inaimitsa AstraZeneca itaona kuti sakuteteza bwino ku matenda ochepa a mtundu wa kachilombo umene unali kumeneko. Ndipo pa 11 Malichi, tsiku lomwe ife tinkayamba kuno ku Zomba, Denmark ndi Norway anaimitsa katemera yemweyo pofuna kufufuza za kuundana kwa magazi, vuto limene linapezekadi koma mwa anthu ochepa kwambiri. Iwo anali ndi Pfizer ndi Moderna oti atembenukireko. Ife tinali ndi mtundu umodzi wokhawo, ndipo mphunzitsi mnzanu womvera wailesi anali ndi chifukwa chofunsira mafunso. Komabe maliro atachuluka mu Juni ndi Julayi, anthu omwewo anabwera okha, mizere inatalika, ndipo m'mafiriji munalibe kanthu. Wa ku France uja atafika anatha msanga.

Nanga zotsalira? Katemera wowonongeka sitinalandire, ndipo amene tinkabaya ndi yemweyo ankabayidwa ku Britain. Koma n'zoona kuti chakumapeto kwa 2021 mphatso zambiri zopita ku Africa zinkabwera mwadzidzidzi, masiku atatsala ochepa, eni ake ataona kuti ziwathera m'manja. Nigeria inataya katemera woposa 1 miliyoni mu Disembala 2021 pa chifukwa chimenechi. Mu Novembala chaka chomwecho a African Union, a nthambi yawo yolimbana ndi matenda ya Africa CDC ndi a COVAX analemba limodzi chikalata chopempha opereka mphatso kuti azidziwitsa dziko masabata anayi katundu asanafike, kuti katemera azifika atatsala ndi masabata osachepera 10, ndiponso kuti azibwera ndi masirinji ake. Pofika 2022 katemera anachuluka, wa Pfizer yemwe analipo, koma mantha a korona anali atatha ndipo anthu anabwerera ku mavuto awo a tsiku ndi tsiku. Amene amationa pa chiwerengero cha 2022 n'kumati Amalawi safuna katemera amaiwala mizere ya mu Julayi 2021.

FUNSO: Amayi, ndine wophunzira pa yunivesite kuno ku Zomba. Bwanji boma silinangokongola ndalama n'kugula lokha m'malo modikira zopatsidwa? Ndipo n'chifukwa chiyani Africa yonse singapange katemera wake? — Mnyamata wa ku Chikanda

YANKHO: Mwana wanga, kugula kunayesedwa. African Union inakhazikitsa thumba logulira pamodzi lotchedwa AVAT, banki ya Afreximbank itaikapo chikole cha madola 2 biliyoni. Mu Malichi 2021 anasainirana ndi Johnson & Johnson katemera 220 miliyoni, ndi mwayi wowonjezera mpaka 400 miliyoni. A Strive Masiyiwa a ku Zimbabwe, amene anatsogolera zokambiranazo, ankabwereza kunena kuti Africa ikufuna kugula, sikupempha. Ndalama zinalipo, koma katundu anayamba kufika mu Ogasiti, chifukwa oyamba kusaina ndiwo oyamba kulandira. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti mwezi womwewo zinadziwika kuti katemera wa Johnson & Johnson amene ankathiridwa m'mabotolo pa fakitale ya Aspen ku Gqeberha, m'dziko la South Africa, ankatumizidwa ku Ulaya. Anthu atadzudzula kwambiri m'pamene zinasintha.

Funso lako lachiwiri ndi lalikulu. Mliri usanabwere, Africa inkapanga pafupifupi 1 yekha pa katemera 100 aliyense amene inkagwiritsa ntchito. Mu Okutobala 2020 India ndi South Africa anapempha bungwe la zamalonda la WTO kuti malamulo oteteza umwini wa luso aimitsidwe kaye pa nthawi ya mliri, kuti fakitale iliyonse yokhoza ipange. Mayiko oposa 100 anavomera, koma European Union, Britain ndi Switzerland anakaniza, ndipo chigamulo chinadzatuluka mu Juni 2022, chochepetsedwa, katemera atasiya kale kusowa. Ife akuluakulu zimenezi si zachilendo. Mankhwala a ma ARV anayamba kupulumutsa anthu ku America ndi ku Ulaya mu 1996, koma kuno aulere anayamba mu 2004, chaka chomwe kiliniki ya Tisungane inatsegulidwa pa chipatala chachikulu cha Zomba. M'zaka za pakatipo ndinaika anamwino anzanga, ndi makolo a ana amene ndinkawayeza pa sikelo. Mtengo unatsika makampani a ku India atayamba kupanga mankhwala omwewo motchipa.

Koma usaganize kuti chilolezo chokha chimapanga katemera. Pamafunika anthu odziwa, madzi oyera, magetsi osazima, ndi bungwe la boma loyeza mankhwala limene dziko lonse lingalikhulupirire. Zoyambira zilipo. Institut Pasteur ya ku Dakar yakhala ikupanga katemera wa yellow fever kwa zaka zambiri. Ku Cape Town kuli Biovac, kulinso Afrigen, kumene a WHO anakhazikitsa malo ophunzitsira luso latsopano lopangira katemera lotchedwa mRNA mu 2021. African Union ikufuna kuti pofika 2040 tizipanga tokha 60 pa 100 alionse. Pamafunikanso ogula. Mu 2022 Aspen itapeza chilolezo chogulitsa katemera wa korona m'dzina lake, maoda sanabwere. Fakitale singakhale chete zaka khumi kudikira mliri, iyenera kumagulitsa katemera wa chikuku ndi wa kafumbata chaka ndi chaka. N'chifukwa chake a Gavi mu Juni 2024 anakhazikitsa thumba la madola oposa 1 biliyoni lolimbikitsa opanga katemera a mu Africa. Ine sindikuona kuti Malawi amange fakitale yakeyake. Ndikuona kuti tizigula kwa anansi athu amene ayamba kale, ngakhale mtengo utakwererako pang'ono poyamba.

FUNSO: Anamwino, ine ndimagula nsomba pa Kachulu. Kolera itavuta anatimwetsa katemera kamodzi kokha, pamene kale unali kawiri. Kodi nayenso anatilanda a mayiko olemera? — Bambo wa ku Kachulu

YANKHO: Ayi, Bambo, uyu nkhani yake ndi ina. Katemera wa kolera ali ndi nkhokwe ya dziko lonse imene inakhazikitsidwa mu 2013, ndipo amalipira ndi a Gavi. Oyang'anira kagawidwe pa nthawi ya mliri ndi mabungwe anayi: WHO, UNICEF, MSF (madokotala opanda malire) ndi Red Cross. Dziko limatumiza pempho losonyeza kumene odwala ali, kuchuluka kwawo ndi dongosolo la kamwetsedwe, ndipo yankho limabwera m'masiku ochepa. Satsata chuma cha dziko, amatsata kumene matenda abuka. Mukumbukira kuti mu 2016 asodzi okhala m'zimbowera, timisasa ta panyanja ya Chilwa, anamwa woyamba padoko, n'kupatsidwa wachiwiri kuti akamwe okha panyanja patatha masabata awiri.

Mu 2022 kolera inabuka m'mayiko ambiri nthawi imodzi, ndipo nkhokwe inachepa. Mu Okutobala chaka chimenecho mabungwe anayi aja anagwirizana kuti aliyense azimwa kamodzi, kuti katemera afikire anthu ochuluka. Malawi analandira 2.9 miliyoni mu Novembala, m'kati mwa mliri umene unatitengera anthu oposa 1,700. Kuchepaku kunabwera chifukwa kolera ndi matenda a osauka: mayiko olemera sagula katemera wake, phindu ndi lochepa, ndipo nkhokweyo inatsala pang'ono kudalira kampani imodzi yokha, EuBiologics ya ku South Korea. Wa korona anasowa chifukwa ogula olemera anachuluka, wa kolera chifukwa palibe. Kumwa kamodzi kumateteza ndithu, koma kwa nthawi yofupikirapo, makamaka kwa ana osakwana zaka zisanu. Madzi akumwa padokopo muziwathirabe klorini, ndipo Thanzi asamasowe m'chikwama chanu.

FUNSO: Mayi, ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo mu 2021 ndinayendetsa maliro ambiri. Mliri wina ukadzabwera, kodi tidzakhalanso kumapeto kwa mzere? — Bambo wa ku Domasi

YANKHO: Abambo, pepani ndi ntchito yolemera imene munasenza chaka chimenecho. COVAX inatsekedwa pa 31 Disembala 2023, itatumiza katemera pafupifupi 2 biliyoni ku mayiko 146. Inathandiza, ndipo popanda iyo ine ndi anzanga tikanagwira ntchito miyezi yambiri osatetezeka. Koma inachedwa pa miyezi imene tinkaifuna kwambiri.

Pa 20 Meyi 2025 mayiko a mu WHO anavomereza pangano latsopano la miliri ku Geneva. Mtima wa panganolo ndi kusinthana. Kampani singapange katemera popanda kudziwa kachilombo, ndipo kachilomboko nthawi zambiri kamapezeka koyamba m'mayiko ngati athu. Mu Novembala 2021 akatswiri a ku Botswana ndi South Africa anapeza mtundu watsopano wa korona wotchedwa Omicron n'kudziwitsa dziko lonse mwamsanga. Malipiro ake anali kutsekeredwa maulendo, ndipo America ndi Britain anaika Malawi pa mndandanda wa oletsedwa. Indonesia inakana kupereka tizilombo ta chimfine cha mbalame mu 2007 pa chifukwa chofananacho, kuti ena adzapanga katemera amene iyo singathe kugula. Tsono pangano latsopanoli likuti mayiko azipereka tizilombo ndi zimene apeza msanga, ndipo makampani olowa m'dongosololi azipatula 20 pa 100 alionse a katemera, mankhwala ndi zoyezera pamene akupanga, n'kupereka kwa WHO: osachepera 10 aulere, otsalawo pa mtengo wofikirika. Mawu akuti "pamene akupanga" ndi amene ndimawaona olemera, chifukwa mu 2021 tinkalandira eni ake akakhuta.

Komabe akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tsiku lovomereza panganolo, gawo lofotokoza mmene kusinthanaku kudzayendere linali lisanamalizidwe, ndipo panganolo limayamba kugwira ntchito mayiko 60 akalivomereza kwawo. America, kwawo kwa Pfizer, Moderna ndi Johnson & Johnson, sinakhale nawo, popeza mu Januwale 2025 inalengeza zotuluka mu WHO. Komanso palibe chimene chingakakamize boma lililonse kutulutsa katemera m'dziko mwake anthu ake akufa, monga tinaonera ku India. Choncho yankho langa ndi lakuti mwina tidzasunthirako kutsogolo, koma 20 pa 100 wogawana mayiko onse osauka sadzakwanira aliyense miyezi yoyamba.

Wochepa amene adzafikeyo adzafuna kuti tidziwiretu woyamba kubayidwa ndani. Mu 2021 ana a m'mudzi uliwonse tinkawadziwa ndi mayina chifukwa cha kaundula wa sikelo, koma okalamba ndi odwala shuga tinkachita kufunsa kwa mafumu ndi kumipingo. Inu a mpingo mndandanda wa okalamba ndi odwalika muli nawo kale, chifukwa mumawayendera. Kambiranani ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu za mmene mungadzathandizirane nawo, eni ake atavomera. Ndipo aphungu anu akadzabwera ku Domasi, muwafunse ngati panganoli lafika ku Nyumba ya Malamulo, ndi ndalama zingati zimene boma laika mu bajeti ya chaka chino zogulira katemera ndi kukonzera mafiriji a m'zipatala zing'onozing'ono.